Njira yodzakhalira katswiri wothandiza ana a autism

Mwafunsa kuti mungatani kuti mudzakhale katswiri wa maganizo a ana, makamaka a autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi anthu) ndi ochedwa kulankhula kapena kuyenda.

Choyamba khozani bwino MSCE, kenako mukachite digiri ya psychology ku University of Malawi ku Zomba, zaka zinayi. Mudakali pasukulu, pemphani kukathandizako kumalo osamalira ana otere, monga ku St John of God ku Mzuzu. Apa musachite ulesi ayi. Buku silingakuphunzitseni kudekha mwana akamakuwa atatseka makutu, mayi ake misozi ili mbwembwembwe.

Mukatero pitirizani ndi masters ya clinical psychology, mwina ku South Africa. Phunziraninso MDAT, chida choyezera kakulidwe ka mwana chomwe chinapangidwira konkuno ku Malawi, ndi M-CHAT, mafunso ofufuzira zizindikiro za autism mwa ana a miyezi 16 mpaka 30.

Musanayambe kuona ana panokha, kalembetseni ku Medical Council of Malawi.