Momwe mungasankhire magolovesi okwerera m'ming'alu ya matanthwe

Matanthwe a ku Cape Maclear ndi mapiri ozungulira Monkey Bay ndi a mwala wa granite, wokhakhala ngati sandipepa. Wokwera m'mng'alu alibe pogwira: amalowetsa dzanja mkati, n'kupinda chala chachikulu kuti chilowe m'chikhatho, dzanja n'kufufuma mpaka kuthina pakati pa miyala iwiri. Nthawi zina thupi lonse limalendewera pamenepo. Chimene chimanyuka ndi kuseri kwa dzanja ndi mfundo za zala, ndipo ndi malo amenewa ofunika kuphimba.

Choyamba, dziwani zimene simukufuna. Magolovesi a akabaza, a omanga nyumba kapena onyamulira zitsulo, amene ali mbwee pa kaunjika, amateteza chikhatho. Inu chikhatho ndi zala zikhale pamtunda kuti muzimva mwala. Golovesi yoyenera ili ndi labala kuseri kokha, timalupu tolowetsamo zala, ndi lamba womanga pamkono. Achikopa ogwirira chingwe poteteza mnzanu amene akukwera ndi ena, musawasokoneze.

Chachiwiri, yezani dzanja. Zungulizani tepi yoyezera ya telala pa mfundo zinayi za zala, kusiya chala chachikulu, ndipo yezani manja onse awiri chifukwa nthawi zambiri safanana. Makampani monga Ocún, Black Diamond ndi Wide Boyz aliyense ali ndi tchati chake cha masaizi, choncho M wa uyu si M wa uyo. Izi n'zofunika kwambiri kwa ife, poti magolovesi otere timachita kuitanitsa kapena kutuma wachibale wochokera ku Joni, ndipo kubweza n'kovuta.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse: golovesi ithine. Ikakhala yokhwepa, labala imagwira mwala bwinobwino koma dzanja limaterereka mkati mwake, ndipo mungapulumuke m'mng'alu n'kugwa mukuona. Mukaivala, kungani nkhonya. Labala ikuyenera kumamatira khungu popanda kukwinyika, koma timalupu tisadule pakati pa zala mpaka kuchita dzanzi. Ngati muyeso wanu wagwera pakati pa masaizi awiri, ine ndingatenge yaing'onoyo, popeza imatambasuka mukaigwiritsa ntchito.

Kenako ganizirani ming'alu imene muzikwera. Pa mng'alu wopapatiza, woti dzanja limalowa movutikira, labala yochindikala ikutsekerani kunja, ndiye sankhani yopyapyala. Pa waukulu wolowa nkhonya yonse, tengani yochindikala yophimbanso chala chachikulu, chifukwa m'mbali mwa nkhonya ndi momwe mumapanikizika. Onaninso lamba: chomangira chake chibisike, chikakhala pamtunda mwala umachimasula.

Ngati ndalama sizikulola, kapena mukungoyamba kumene, pangani anu ndi tepi ya nsalu yomata, yosatamuka, imene amati zinc oxide, yotambalala pafupifupi masentimita 4. Funsani ku famase. Yalani timizere kuseri kwa dzanja kuchokera pa mfundo za zala mpaka pamkono, tina tizungulire chala cholozera ndi chaching'ono, kenako mangani kawiri pamkono dzanja mutalikunga pang'ono kuti magazi aziyenda. Metani ubweya wa padzanja kaye. Povula, dulani tepiyo ndi sizasi cha kumbali ya chikhatho, ndipo golovesiyo mudzaivalanso.

Kutentha kwa kuno kumafewetsa labala ndi guluu. Musasiye magolovesi padzuwa kapena m'galimoto yotseka. Atsukeni ndi madzi ozizira, aume pamthunzi. Nyengo yabwino yokwera ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chifukwa mu Okutobala mwala umawotcha ndipo thukuta limamatula tepi.

Zala zanu zili pamtunda, choncho suzumirani mng'alu musanapise dzanja: zinkhanira, mavu ndi njoka zimakonda momwemo. Ndipo poti mbali yaikulu ya mapiri a ku Cape Maclear ili mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, yambani mwafika ku ofesi ya paki kukafunsa komwe amalola kukwera.