Momwe mungapezere ndi kuika matayala akuluakulu a njinga yamoto muli kudziko la eni

Kugula njinga yamoto yaikulu uli kudziko la eni sikuvuta kwenikweni. Mutu umadzaima tsiku limene wawerama n'kuona kuti tayala lakumbuyo lasalala pakati ngati dazi, wogulitsa saizi imeneyo sukumudziwa, ndipo mawu oti ufunsire m'chilankhulo chawo ulibe. Chokupulumutsani chilipo: manambala olembedwa m'mbali mwa tayala amawerengedwa chimodzimodzi kulikonse, ndipo wogulitsa aliyense amawamva.

Choyamba, jambulani manambalawo pa foni. Tiyerekeze kuti palembedwa 180/55 ZR17 M/C (73W). Nambala 180 ndi mulifupi wa tayala m'mamilimita. 55 ikutanthauza kuti mbali ya tayala ndi yotalika maperesenti 55 a mulifupiwo, pafupifupi mamilimita 99. R ndi tayala la radial (dzina la kapangidwe ka mkati mwake), 17 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi, ndipo M/C ndi umboni woti ndi la njinga yamoto. 73 ndi katundu amene lingasenze, makilogalamu 365, pomwe W ndi liwiro la makilomita 270 pa ola, ndipo ikakhala m'mabulaketi ndiye kuti lingapitirire pamenepo. Njinga zina za Harley-Davidson zimalemba mwamtundu wina, monga MT90B16, amene amafanana ndi 130/90-16. Onaninso zilembo TL kapena TT: TL ndi tayala losafuna chubu, TT ndi lofuna chubu.

Ngati njingayo munaigula kwa munthu, tayala limene lilipolo musalikhulupirire msanga. Mwina mwini wake wakale anaikapo zimene anapeza. Saizi yeniyeni ili m'buku la njinga, ndipo nthawi zambiri imamatidwanso pa chitsulo chogwira wilo lakumbuyo.

Apa ndi pamene ambiri timagwera, ine ndemwe. Ndinkafuna njinga yanga ioneke yonenepa kumbuyo, ndiye ndinaitanitsa tayala la 200 pomwe rimu yanga inali ya mainchesi 5.5, yoyenera tayala la 180. Makaniko wina anangoliika osanena kanthu, ndalama n'kulandira. Rimu yopapatizayo inalifinya tayalalo, msana wake n'kusongoka, ndipo pakona njinga inkangogwera mkati mwadzidzidzi ngati yakankhidwa. Mpata wa pakati pa tayala ndi tcheni unatsala wochepa moti chala sichinkalowa. Ndinalichotsa lisanathe n'komwe. Tayala la 200 limafuna rimu ya mainchesi 6 kapena kuposerapo, ndipo palibe luso la makaniko limene lingasinthe zimenezo.

Kenako funsani za malamulo a dziko limene mukukhalalo. Ku United Kingdom mizere ya tayala la njinga yoposa 50cc isachepere milimita imodzi kuzama, pomwe ku Germany ndi mamilimita 1.6, ndipo kumeneko saizi ikasiyana ndi yolembedwa m'mapepala a njinga mumakhala pa mlandu. M'maiko a ku Ulaya tayala liyeneranso kukhala ndi chidindo cha chilembo E. Mukachita ngozi muli pa tayala losaloledwa, a inshuwalansi amapezerapo pokanira.

Tsopano kugula. Njira yachidule ndi kufunsa anzanu okwera njinga zazikulu m'dera lanulo, kaya pa Facebook kaya pamene amakumana. Iwo ndiwo amadziwa shopu imene imasungadi matayala a Michelin, Pirelli, Metzeler, Bridgestone kapena Dunlop a saizi zazikulu, ndi imene imangolonjeza kuti abwera sabata yamawa. Ngati mwaganiza zoitanitsa pa intaneti kuchokera dziko lina, werengerani mtengo wotumizira ndi msonkho wa kasitomu musanasangalale ndi kutchipa, ndipo dziwiranitu ngati amalola kubweza. Komanso, musanalipire, pezani kaye woti adzakuikireni. Magalaja ambiri amakana kuika tayala limene sanagulitse okha, ena amakweza mtengo.

Muuzeni wogulitsa akutumizireni chithunzi cha manambala anayi omalizira pambuyo pa zilembo DOT. Akakhala 2324, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2024. Labala imauma ndi zaka ngakhale tayala lisanapondepo pansi, ndipo a Michelin amalangiza kuti tayala likakwana zaka 5 liziunikidwa chaka ndi chaka, likakwana 10 lichotsedwe. Lakutsogolo ndi lakumbuyo akhale a kampani imodzi ndi mtundu umodzi.

Tayala lafika. Ngati mulibe zipangizo, vulani wilo lokha nokha n'kupita nalo kugalaja, chifukwa ambiri amatchaja zochepa likabwera lovula kale. Imikani njinga pa sitandi yolimba, masulani nati ya akiselo, chotsani caliper (kachipangizo kamene kamapana disiki ya buleki) n'kuimangirira ndi chingwe kuti isalendewere pa paipi yake. Timapaipi ting'onoting'ono tachitsulo tokhala mbali zonse ziwiri za wilo tijambuleni tisanachoke, chifukwa sitifanana ndipo pobwezera timasokoneza. Wilo likachoka, buleki musaigwirenso.

Ofuna kuika okha, mverani izi. Tulutsani mpweya wonse pochotsa kamtima ka valavu, kenako kankhirani milomo ya tayala mkati kuti isiyane ndi rimu, mbali zonse. Wilo ligone pa matabwa awiri kuti disiki ya buleki ndi kamphete ka ABS (makina oletsa wilo kuima dzi! mukagwira buleki) zisakhudze pansi. Ikani zotetezera rimu musanalowetse zitsulo zokanulira, ndipo ngati njinga ili ndi kachipangizo koyeza mpweya mkati mwa valavu, zitsulozo zikhale nako kutali. Chinsinsi chonse cha tayala lalikulu chili pa ngalande ya pakati pa rimu. Mbali imene simukukanula iponderezeni ndi mawondo mpaka mlomo wake ulowe m'ngalandemo, ndipo mbali inayo idzakwera yokha pang'onopang'ono. Mukaona kuti mukutuluka thukuta n'kumalimbana ndi chitsulo, imani, mlomo watuluka m'ngalande. Kukakamiza kumang'amba tayala latsopano.

Ikani valavu yatsopano, pakani madzi a sopo m'milomo ya tayala, osati oyilo kapena girisi. Muvi wojambulidwa m'mbali uloze kumene wilo limazungulira njinga ikamapita kutsogolo. Onani kawiri, chifukwa kuzindikira utapopa kale kumapweteka mtima. Ngati pali kadontho ka penti, kayang'anizane ndi valavu. Popani mpaka mutamva kuphulika kawiri, phu! phu!, milomo ikukhala m'malo mwake, zala zili kutali. Geji ya mpweya ikafika pa 40 psi milomoyo isanakhale, musapitirire. Tulutsani mpweya, pakaninso sopo, yambiraninso.

Wilo libalansidwe ndi timiyala tomata, apo ayi chiwongolero chidzanjenjemera mukathamanga. Pobwezera, mangani nati ya akiselo ndi mabawuti a caliper pogwiritsa ntchito torque wrench (sipanala yoyeza kulimba kwa nati) pa mlingo wolembedwa m'buku, konzani kulimba kwa tcheni, ndipo mpweya muuyeze tayala lili lozizira. Musanachoke pakhomo, finyani buleki kangapo mpaka ilimbe m'manja, chifukwa ulendo woyamba imangolowa yonse osagwira.

Makilomita 160 oyambirira yendani mofatsa, osagoneka njinga kwambiri pakona, kuti khungu loterera la tayala latsopano lichoke ndipo manja anu azolowere kakhotedwe kake. M'mawa mwake yezaninso mpweya. Ukakhala kuti watsika, thirani madzi a sopo kuzungulira rimu ndi pa valavu, pamene pakutuluka thovu ndi pomwe pakudontha.