Momwe Tingaphunzitsire Ana Kugwiritsa Ntchito Alumikizi Polemba

Mphunzitsi aliyense amene anachongapo zimangirizo za ana a Sitandade 4 kapena 5 amazidziwa ziganizo zonga izi: "Ndinadzuka. Ndinasamba. Ndinapita kusukulu." Koma mwana yemweyo akatuluka panja pa nthawi yopuma amauza mnzake kuti, "Ndimafuna kugula mandasi koma ndalama ndaiwala kunyumba," osaphonya ngakhale liwu limodzi. Alumikizi monga *ndi*, *ndipo*, *koma* ndi *kapena* ali kale pakamwa pa mwanayo, ndipo ntchito ya mphunzitsi ndi kumuthandiza kuti awatsitsire papepala. N'chifukwa chake ine sindilimbikitsa kuyamba phunziroli ndi kuloweza tanthauzo la mlumikizi. Tanthauzolo libwere pambuyo, ana ataona kale ntchito imene mawuwa amagwira.

Yambani ndi ziganizo ziwiri zoima pazokha, zokamba zinthu zimene ana amaziona kwawo. Lembani pabolodi kuti "Mvula inagwa" ndi "Chimanga chinafota," kenako funsani liwu limene lingakhale pakati. Ena adzanena *ndipo*, ndipo musafulumire kuwakanira. Afunseni ngati chimanga chimafota mvula ikagwa; akayankha kuti ayi, iwo eni adzazindikira kuti maganizo awiriwa akutsutsana, choncho pakufunika *koma*. Fufutani chiganizo chachiwiri, mulembe "Chimanga chinamera bwino," ndipo ana adzaona kuti tsopano *ndipo* wakhala pamalo pake chifukwa ganizo lachiwiri likuwonjezera pa loyamba. *Kapena* savuta kwenikweni, pakuti mwana aliyense anafunsidwapo ngati akufuna phala kapena mbatata.

M'kalasi ya ana ochuluka, kumene mabuku sakwanira aliyense, zidutswa za makatoni zimathandiza kwambiri, monga momwe njira ya TALULAR imatilimbikitsira kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka mosavuta. Ana awiri aime kutsogolo atanyamula ziganizo zawo, wachitatu asankhe katoni ya mlumikizi n'kuima pakati pawo, ndipo kalasi yonse iwerenge mokweza n'kugamula ngati chiganizocho chamveka.

Pamene muyenera kuchedwapo ndi pa liwu lakuti *ndi*, chifukwa m'Chichewa limagwira ntchito zingapo. Mu "Amayi agula tomato ndi anyezi" ndi mlumikizi, mu "Abambo ndi mlimi" ndi mneni, pamene mu "Analima ndi khasu" ndi mperekezi. Njira yapafupi yosiyanitsira ndi kuchotsa *ndi* n'kuikapo *komanso*. "Tomato komanso anyezi" zikumveka bwino, koma "Analima komanso khasu" palibe chimene akunena, ndipo ana amaseka okha akamva zoterozo, chimene chimawathandiza kukumbukira.

Vuto lina limachokera ku Chingerezi, chimene ana athu amayamba kuphunzira kuyambira Sitandade 1. M'chiyankhulocho liwu limodzi lakuti *and* limalumikiza mayina komanso ziganizo, choncho mwana amadzalemba kuti, "Ndinapita kumsika ndi ndinagula usipa." Mufotokozereni momveka kuti *ndi* amalumikiza mayina, koma ziganizo zathunthu zimafuna *ndipo*: "Ndinapita kumsika ndipo ndinagula usipa." Musamubisirenso njira imene Achewa amakonda poyankhula, yakuti "Ndinapita kumsika n'kugula usipa," chifukwa ndiyo imachititsa kuti nkhani iyende mwa Chichewa chenicheni. Pomwepo muwaonetsenso kuti mayina awiri akalumikizidwa, mneni amasintha mgwirizano wake: timati "Chikondi ndi Mphatso apita kudambo," komanso "Khasu ndi chikwanje zili pakhonde."

Ana akangozolowera *ndipo*, amamukonda mopitirira muyeso, moti ndime yonse imasanduka chiganizo chimodzi chopanda mpumiro. Ichi sichiyenera kukukhumudwitsani, pakuti chikusonyeza kuti mwanayo wayamba kulumikiza maganizo ake. M'malo modzaza kope lake ndi inki yofiira, muuzeni awerenge mokweza zimene walemba. Pamene mpweya wamuthera, aikepo mpumiro, ndipo pa *ndipo* aliyense wotsala adzifunse ngati ganizo lotsatiralo likuwonjezera, likutsutsa kapena likupereka mwayi wosankha. Nthawi zambiri amapeza yekha kuti ena mwa iwo anayenera kukhala *koma*. Pa mndandanda wa zinthu, aphunzire kuika mpatuliro pakati ndi kusunga *ndi* mpaka pa chinthu chomaliza: "Tinabzala chimanga, mtedza, nyemba ndi maungu."

Luso limeneli limakhazikika ndi kulemba pafupipafupi, osati ndi phunziro la tsiku limodzi, ndipo mwana amene walizolowera msanga savutika akafika pa chimangirizo cha mayeso a MANEB mu Sitandade 8. Patulani mphindi 5 kumapeto kwa phunziro la Chichewa kuti mwana aliyense alembe ziganizo zitatu za zimene zamuchitikira tsikulo, china chokhala ndi *ndipo*, china *koma*, china *kapena*. Kenako asinthane makope ndi mnzake woyandikana naye, kuti mnzakeyo adule mzere kunsi kwa mlumikizi aliyense ndi kunena chifukwa chake akuyenerera pamenepo.