Mmene mungamvere zam'kati mwa pulaneti ina ndi seismometer

Palibe amene angakumbe Mars mpaka kukafika pakati, ngakhale pansi pompano dzenje lakuya kwambiri lomwe anthu anabowola, la ku Kola ku Russia, linangothera pa makilomita 12 basi. Ndiye chotsala nkumvetsera. Chivomezi chikachitika mafunde ake amayenda m'miyala, pena amathamanga pena amachedwa penanso amagunda nkubwerera, ndipo seismometer ndi kachipangizo kojambula kugwedezeka kumeneko. Zili ngati kugogoda mgolo kuti mudziwe ngati muli madzi kapena ndi wopanda kanthu.

Yambani ndi malo. Mukufuna poti see, popanda miyala yambiri, komanso ngati magetsi anu ndi a sola pakhale podzadza dzuwa. Nchifukwa chake NASA inatsitsa chombo cha InSight pa chigwa cha Elysium Planitia pa 26 November 2018, malo osasangalatsa maso ngakhale pang'ono koma abwino pa ntchitoyi.

Mukatera, chipangizocho musachisiye pachombo, chitsitseni chikhale padothi penipeni. Izi zinawaonekera a Viking, zombo ziwiri za NASA zomwe zinatera pa Mars mu 1976. Seismometer ya Viking 1 inakanika kumasuka, ya Viking 2 inagwira ntchito koma poti inali pamwamba pa chombo imangojambula mphepo ikugwedeza chombocho, za pansi ayi ndithu. A InSight anagwiritsa mkono wa makina kunyamula seismometer yawo, yotchedwa SEIS yomwe anakonza a CNES, bungwe la zamlengalenga la ku France, ndi anzawo, nkuikhazika pansi mu December 2018, kenako miyendo yake itatu nkuisintha mpaka itakhala bwinobwino osapendekeka.

Apa ndiye pagona ntchito yonse, kuthana ndi phokoso. Kachipangizoka kamamva kugwedezeka kochepa zedi, ndiye chilichonse chimalowamo, mphepo, kusintha kwa mpweya, ngakhale zitsulo zake zomwe zikamafutukuka masana nkukhwinyata usiku. Chivundikireni. SEIS inali m'kabokosi kochotsedwa mpweya wonse, ndipo kulowa kwa mpweya m'kabokosi komweka nkomwe kunachedwetsa ulendo kuchoka 2016 kufika 2018, pamwamba pake anavundikira chivindikiro chotchinga mphepo ndi kutentha. Tenganinso zoyezera mphepo ndi mpweya kuti mukaona mzere wavina pa kompyuta muzidziwa ngati ndi nthaka kapena nyengo chabe. Ndipo muzidalira kwambiri madzulo ndi usiku mphepo ikachepa, zivomezi zambiri za ku Mars zinamveka nthawi imeneyo. Kudekha nakonso, choyamba chinamveka mu April 2019, patapita miyezi anthu akungoyang'ana.

Chikamveka, pezani kuti chachokera kuti. Pali mafunde a P omwe amafika msanga ndi a S omwe amabwera pambuyo, mpata wapakati pawo ukakula ndiye kuti chachitikira kutali. Vuto ndi mbali yomwe chachokera. Ku mwezi zinali bwinoko chifukwa a maulendo a NASA a Apollo 12, 14, 15 ndi 16 anasiya masiteshoni anayi a seismometer omwe anagwira ntchito mpaka 1977, ukaphatikiza nthawi za onsewo malo amapezeka. Ku Mars siteshoni inali imodzi yokha, ndiye mumayang'ana kuti funde la P litangofika nthaka inakankhidwira mbali iti, zomwe zimatheka pokhapokha chivomezicho chili chomveka bwino. Ndi mmene anadziwira kuti zambiri zimachokera ku ming'alu ya Cerberus Fossae.

Tsopano kuwerenga zam'kati. Lamulo lalikulu ndi loti mafunde a S sadutsa m'zamadzimadzi, a P amadutsa. Ndiye mukaona a S akubwerera kuchokera pansi kwambiri, agunda chinthu chosungunuka, ndipo nthawi yomwe atenga ikuuzani kuya kwake. Mu 2021 akatswiri anawerengetsa kuti chimkati chachitsulo chosungunuka cha Mars ndi makilomita pafupifupi 1,830 kuchokera pakati kufika m'mphepete. Mu 2023 magulu awiri ataunikanso anati ayi, nchocheperapo, cha m'ma 1,650 mpaka 1,675, pamwamba pake pali miyala yosungunuka yomwe poyamba inawerengedwa ngati chitsulo. Ine ndimaona kuti apa mpofunika kusamala, ndi siteshoni imodzi nambala yoyamba musaikakamire.

Miyala yogwa kuchokera kumwamba musaione ngati chisokonezo, ndi mwayi. Pa 24 December 2021 mwala unagwa ku Mars nkusiya dzenje la mamita pafupifupi 150, chombo chozungulira Mars chotchedwa Mars Reconnaissance Orbiter chinalijambula, ndiye malo enieni anadziwika ndipo liwiro la mafunde linawerengeka mosakaikitsa. A Apollo ankachita kugwetsa dala zidutswa za roketi pamwezi pa chifukwa chomwechi.

Za magetsi muziganizire musananyamuke. InSight inajambula zivomezi zoposa 1,300, chachikulu cha 4.7 pa mlingo woyezera zivomezi chinabwera pa 4 May 2022 mphamvu zitayamba kale kutha chifukwa fumbi linakwirira masola, moti anazimitsa zida zina nkusiya seismometer ikugwirabe ntchito mpaka chombo chinasiya kuyankha mu December 2022.