Mukapita ku Durham, yambani ndi mtsinje

Abale amene muli kuno ku England, mukapeza tsiku lopuma kaoneniko Durham. Kuchokera pa King's Cross ku London, sitima imatenga pafupifupi maola atatu. Gulani tikiti kudakali masabata angapo, ya tsiku lomwelo imaboola m'thumba.

Mukatsika musathamangire kulowa m'tchalitchi chachikulu cha mumzindawu, chotchedwa Durham Cathedral. Yambani mwayenda m'mbali mwa mtsinje wa Wear mpaka pa mlatho wa Prebends, mukweze maso. Tchalitchi chija chili pamwamba pa chitunda, mtsinje utachikulunga ngati mkanda. Ine ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa. Anayamba kuchimanga mu 1093!

Valani nsapato zafulati, chonde. Misewu yokwera kumeneko ndi ya miyala yoyalidwa, ndipo kukagwa mvula imaterera. Juzi musaisiye ngakhale kukuwala dzuwa.

Pa chitseko chachikulu muona chogogodera cha nkhope yoopsa, koma chenicheni chakalecho amachisunga mkati. Kale munthu wothawa mlandu akagogoda pamenepo ankatetezedwa masiku 37. Mkatimo muli manda a Cuthbert Woyera, bishopu wakalekale wa kumpoto kwa England, kwinaku a Bede, mmonke amene analemba mbiri ya mpingo wa Angerezi. Kukwera nsanja amalipiritsa, ndipo masitepe ake ndi 325, opapatiza. Ngati mawondo amavuta, isiyeni.

Chimene ndikukupemphani kwambiri, musachoke madzulo asanafike. Khalani nawo pa mapemphero a Evensong, mumve kwaya ikuimba mawu akuyenda m'zipilala zikuluzikuluzo. Onani nthawi yake pa intaneti musananyamuke, ndipo foni muzimitse polowa.