Momwe mungasankhire pulopela kuti kandege ka limoti kakhalitse m'mwamba

Kandege kakamatera patangotha mphindi 10, ambiri amathamangira kukagula batire yaikulu. Batireyo imalemera, ndipo kulemerako kumadya mphamvu yomwe mwaigulayo. Musanawononge ndalama, yang'anani kaye kapulasitiki kozungulira ka kumphuno kaja. Ndi kotchipa kuposa batire, koma ndi komwe kamasandutsa magetsi kukhala ulendo.

Yambani ndi kuwerenga manambala olembedwa pa pulopelayo. Mukaona 10x6, nambala yoyamba ikutanthauza kutalika kwake kuchokera nsonga ina kukafika nsonga ina, mainchi 10. Yachiwiri ndi pitch, mtunda womwe ikanayenda ikazungulira kamodzi, ikanakhala kuti ikuboola mpweya ngati sikuluwu m'thabwa. Ganizirani magiya a njinga. Pitch yaing'ono ndi giya yokwerera chitunda: imakoka zedi, koma pa msewu wosalala mumangopalasa osapita patali. Pitch yaikulu ndi giya ya pa chigwa, yolemera poyambira. Zilembo zotsatira manambalawo nazo zili ndi nkhani. Pa mapulopela a kampani ya APC, E ndi yopyapyala yopangidwira mota ya magetsi, pomwe SF ndi yamasamba otambalala, ya tindege touluka pang'onopang'ono, ndipo siifuna kuzunguliridwa mothamanga kwambiri.

Kenako dziwani liwiro lomwe kandege kanu kamayenda kakamangoyandama, osakwera osatsika, throttle (kandodo ka pa limoti koonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya mota) ili cha pakati kapena pansi pake. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Pa ulendo wa mphindi 20, kunyamuka ndi kukwera kumatenga mwina mphindi imodzi, zotsalazo kandege kakungoyandama. Pulopela isankhidwe chifukwa cha mphindi 19 zimenezo, osati ya kunyamukirayo.

Kuti muone ngati pitch ikugwirizana ndi liwirolo, chulukitsani maulendo omwe mota ikuzungulira pa mphindi ndi pitch, mugawe ndi 656. Yankho ndi makilomita pa ola. Pulopela ya 9x6 ikamazungulira ka 7,000 pa mphindi ikupereka 64, pomwe ya 10x4.7 pa kuzungulira komweko ikupereka 50. Kandege sikangafike pa liwiro limenelo, chifukwa kakamaliyandikira pulopela imasiya kuluma mpweya. Choncho ngati kandege kanu kamayandama pa makilomita 45 pa ola, ya 10x4.7 idzafuna muziiponda moto nthawi zonse kuti ikoke, pomwe ya 9x6 idzagwira ntchito yomweyo mota ikupuma.

Pa kutalika kwa pulopela, lamulo lake ndi losavuta: kukankha mpweya wambiri pang'onopang'ono kumadya magetsi ochepa kusiyana ndi kukankha mpweya wochepa mothamanga. N'chifukwa chake tindege tokhalitsa m'mwamba timakhala ndi pulopela yaitali ndi mota ya Kv yotsika. Kv ndi maulendo omwe mota imazungulira pa mphindi pa volt imodzi ikakhala yosanyamula kanthu. Ya 1000Kv pa batire ya 3S (ya maselo atatu), yomwe ndi 11.1V, imafika cha m'ma 11,000, ndipo mukaiveka pulopela imatsika. Koma samalani, inchi imodzi si yaing'ono. Kuchoka pa mainchi 9 kupita pa 10, pitch ndi kazunguliridwe zili zomwezo, mota imafunika kutulutsa mphamvu yoonjezera pafupifupi theka. Mota yaing'ono ya 2212, yomwe ambiri timayambira, siichedwa kununkha chiwaya mukaisenzetsa zoposa msinkhu wake. Onaninso kuti nsonga sizikukhula pansi ponyamuka, kapena kumenya mchira ngati mota ili kumbuyo.

Masamba awiri ndi okwanira. Atatu amaoneka bwino, koma ntchito yake ndi pamene malo a pulopela yaitali palibe. Ngati kandege kanu ndi kamapiko aatali koti kamatha kuyandama mota itazimitsidwa, gulani pulopela yopindika, monga za Aeronaut kapena Graupner. Mota ikaima masamba amagona m'mbali mwa thupi, osatchinga mphepo.

Tsopano gulani zitatu zoyandikana, tinene 9x6, 10x5 ndi 10x4.7, pamodzi ndi wattmeter, yoyezera magetsi omwe mota ikudya. Kachipangizo kameneka mumakalumikiza pakati pa batire ndi ESC, kachipangizo kolamulira liwiro la mota. Mangani kandege bwinobwino, imani kumbuyo kwa pulopela osati m'mbali mwake, mukweze throttle mpaka kumapeto kwa masekondi 15. Ma amp omwe mukuwerenga asadutse malire a mota kapena a ESC, ndipo musiyeko mpata. Zimitsani, chotsani batire, mugwire motayo. Ngati chala sichingapirirepo, pulopela imeneyo ibwerere m'thumba.

Kuyesa kwa pansiku kumangokuuzani zomwe zingawotche mota. Sikukuuzani yomwe ingakhalitse m'mwamba, ndipo nthawi zambiri kumanamiza. Pansi, ya pitch yaing'ono imakoka mpaka tebulo kusuntha, munthu n'kukhulupirira kuti wapeza. Ya pitch yaikulu imachita phokoso lachilendo, ikukoka mofooka, chifukwa mpweya wongoima suiyendera bwino. Kandege kakangonyamuka zinthu zimatembenuka.

Ndiye mlandu ukaweruzidwe m'mwamba. Sankhani m'mamawa mphepo isanadzuke, pa bwalo lotakasuka, kutali ndi anthu komanso mabwalo a ndege monga Chileka. Tchajani batire idzaze, ulutsani mphindi 8 mozungulira, throttle ili potsikitsitsa pomwe kandege sikakutsika. Mukatera tchajaninso, mulembe ma mAh (muyeso wa magetsi a m'batire) omwe tchaja yabwezeretsa. Bwerezani ndi pulopela iliyonse, batire yomweyo, tsiku lomwelo. Yomwe yadya pang'ono ndiyo yanu. Masamu ake ndi awa: pa batire ya 2200mAh mumagwiritsa pafupifupi 1760 yokha, chifukwa batire ya mtundu wa LiPo siifuna kukamidwa mpaka kuuma. Pa ma amp 6 zimenezo ndi mphindi 17 ndi theka. Pa ma amp 4.5 ndi mphindi 23, popanda kuonjezera ngakhale galamu imodzi.

Ngati mumakonda kuwerenga musanagule, kampani ya APC imaika manambala a mapulopela ake pa intaneti, ndipo yunivesite ya Illinois ku America inayesa mapulopela ang'onoang'ono ambiri n'kufalitsa zotsatira zake. Kumbukirani chabe kuti Lilongwe ndi Blantyre ali pamtunda woposa mamita 1,000, komwe mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 kusiyana ndi kugombe la nyanja yamchere. Mu Okutobala kukatentha umapepukiratu. Pulopela yomwe mnzanu wa ku Beira akuitama ingathe kukoka mofooka kuno, ndipo yokulirapo pang'ono ikhoza kukuyenderani bwino.

Yomwe mwasankhayo muilinganize. Ikani pa kachitsulo kolinganizira, tsamba lomwe likugwa pansi ndilo lolemera. Matani kachidutswa ka selotepi ku tsamba lopepuka mpaka onse aime mofanana. Yosalingana imanjenjemeretsa kandege, imadya mabeyaringi, ndipo imamasula masikuluwu. Yomwe yang'aluka kapena kuyera pa tsinde itagunda pansi, itayeni, musaimate ndi guluu.

Pomanga, mbali yolembedwa manambala iyang'ane komwe kandege kakupita, ngakhale mota ili kumbuyo. Ine ndinaiveka chambuyo pa kandege ka mota yakumbuyo, n'kutha Loweruka lonse ndikunyoza batire. Kankauluka ndithu, koma kakulira ngati chigayo, ndipo pa mphindi 7 kanali kale m'chimanga cha eni ake.