Rauta yanu muyiikemo pulogalamu iti?

Ndimakonza makompyuta kuno ku Ulongwe, ndipo sabata sitha osabwera munthu atanyamula rauta, kabokosi kogawa intaneti, m'jumbo. Wina ali ndi malo ogona alendo, wina kashopu kofotokopa. Dandaulo lawo n'limodzi: mamega akutha msanga, anthu osadziwika akulowa pa Wi-Fi, ndipo mmodzi akayamba kutsitsa filimu ena onse amangoyang'ana foni ikuzungulira. Kawirikawiri kabokosiko kamakhala kabwinobwino, chofunika kusintha ndi pulogalamu yokayendetsa.

Musanasankhe chilichonse, tembenuzani rautayo muwerenge kapepala kapansi: dzina lake ndi nambala ya version. Ine apa ndinapsapo. Ndinaika fayilo ya pulogalamu ya v2 mu rauta ya v3 ya amayi ena a ku Domwe, kanyali kake n'kumangoti phethiphethi osaleka, mpaka ndinawagulira ina ndi ndalama zanga. Marauta awiri akhoza kufanana kunja koma kusiyana m'mimba.

Ambiri a ife pulogalamu yotchedwa OpenWrt imatikwanira. Ndi yaulere, maziko ake ndi Linux, ndipo inayamba mu 2004 pa rauta ya Linksys WRT54G. Pa webusaiti yawo pali mndandanda wa marauta amene imagwiramo. Yanu ikasowa pamenepo, musakakamize. Pezani ya flash (mosungira pulogalamu) yosachepera 16 MB ndi RAM (memori yogwirira ntchito) ya 128 MB. Zakale zija za 4 MB ndi 32 MB zisiyeni.

Chimene ndimakondera OpenWrt ndi nkhani ya magetsi. Mtima wa pulogalamuyi umakhala pagawo losalembedwapo, choncho magetsi akathima mwadzidzidzi ndi mvula ya mu Januwale, rauta imadzuka mmene inalili. Marauta ambiri otere amadya 12V yokha, moti kabatire ka sola kamawayendetsa usiku wonse. Ndiye pali kapulogalamu kowonjezera ka SQM, kamene kamagawa liwiro mofanana kuti wotsitsa filimu asapondereze anzake. Yezani liwiro lanu madzulo, nthawi imene netiweki imalemedwa, kenako lembani mu SQM nambala yotsikirako pang'ono. Amayi a ku Domwe aja, rauta yatsopano nditaichita zimenezi, ana awo ali pa YouTube iwo ankayankhulabe pa WhatsApp mawu osadukaduka. Ngati muli ndi mamodemu awiri, wina wa Movitel wina wa Vodacom, kapulogalamu kowonjezera ka mwan3 kamasamukira pa winayo mmodzi akafooka.

Chenjerani ndi modemu ya USB. OpenWrt sibwera ndi madiraiva ake, timafayilo toithandiza kuzindikira modemuyo, ndipo kuti muwatsitse pafunika intaneti, imene mulibe chifukwa modemuyo sinayambe kugwira. Tsitsiranitu mafayilowo pa laputopu, kapena lumikizani rautayo ndi waya ku ina imene ikugwira kale.

Nanga pfSense ndi OPNsense? Izi maziko ake si Linux koma FreeBSD, ndipo OPNsense inapatuka ku pfSense mu 2015. Ndi ma firewall amphamvu, alonda a pakhomo la netiweki, oyenera sukulu kapena ofesi ya makompyuta ambiri, koma mu rauta yapulasitiki sizilowa. Zimafuna kompyuta ya 64-bit yokhala ndi mabowo awiri a netiweki, makamaka a Intel. Pa Wi-Fi n'zofooka, muyenera kugula access point, kachipangizo kofalitsa Wi-Fi, padera. Mukasankha njira iyi, poika musankhe ZFS, njira yosungira mafayilo, chifukwa imapirira magetsi akazima, ndipo UPS, batire yopitiriza kuyendetsa kompyuta magetsi akathima, isasowe. Anzanga a ku Tete mtauni ndi ku Moatize, kutentha kwa mu Okutobala ndi fumbi zimatopetsa fani ya kompyuta yakale. Funani kabokosi kachitsulo kopanda fani.

Rauta ya MikroTik, kampani ya ku Latvia, imabwera kale ndi pulogalamu yakeyake ya RouterOS. Ngati mukufuna kugulitsa Wi-Fi ndi timapepala ta manambala, imachita bwino ntchitoyo, kungoti Winbox, pulogalamu yoiwongolera, imafuna kuiphunzira modekha. Mufunse kaye ngati pafupi nanu pali woidziwa, woti n'kukuthandizani tsiku limene yavuta.

Mukamaliza kuika OpenWrt, lumikizani laputopu ndi waya mutsegule adiresi ya 192.168.1.1 monga mumatsegulira webusaiti. Musadabwe kuona Wi-Fi palibe, imabwera yozimitsa. Pasiwedi nayonso imakhala palibe, ndiye iikeni nthawi yomweyo. Zonse zikakhala m'malo, tsitsani fayilo ya backup muisunge pa fulashi, pasiwediyo muilembe m'kope lija mumalembamo ngongole.